Qui-Gon Jinn akanapulumuka, akanabwerera ku Tatooine

Mu filimu ya Star Wars yomwe inatuluka mu 1999, The Phantom Menace, muli kamphindi kamodzi komwe ndimakabweza nthawi zonse ndikamaonera. Amuna atatu akumenyana ndi malupanga a kuwala m'nyumba yopangira magetsi ya mumzinda wa Theed, pa dziko la Naboo. Mwadzidzidzi zitseko zofiira za moto zikutsekeka pakati pawo n'kuwalekanitsa. Darth Maul akungoyendayenda uku ndi uku ngati kambuku wotsekeredwa. Obi-Wan Kenobi watsalira kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Qui-Gon Jinn akuzimitsa lupanga lake, akugwada pansi, akutsinzina. Zitseko zija zitatseguka akudzuka, akumenyananso pang'ono, kenaka Maul akumubaya pamimba wophunzira wake Obi-Wan akuonerera, wopanda chochita.

Okonda nkhaniyi akhala akufunsana kwa zaka zoposa 25 kuti zikanatha bwanji Qui-Gon akanapulumuka tsiku limenelo. Dave Filoni, yemwe anagwira ntchito ndi George Lucas pa katuni ya The Clone Wars, anafotokoza mu 2020 kuti nkhondo imeneyi, yomwe nyimbo yake John Williams anaitcha Duel of the Fates, n'kulimbirana tsogolo la mwana. Kwa iye Qui-Gon ndi bambo amene Anakin Skywalker, mwana amene anadzasanduka Darth Vader woipa uja, ankasowa, ndipo atafa, mwanayo anatsala m'manja mwa Obi-Wan, munthu yemwe akanatha kungokhala mkulu wake basi. Ndikugwirizana naye, koma ndikuona kuti anaimira panjira. Mawu akuti bambo ndi otakata kwambiri, amabisa chinthu chenicheni chimene chinatayika. Pa akuluakulu onse a Jedi, gulu la ankhondo osungitsa mtendere lomwe iye ndi Obi-Wan analimo, Qui-Gon yekha ndi amene analowa m'nyumba ya Shmi Skywalker, mayi ake a Anakin, nadya chakudya chake, namuyang'ana kumaso pomwe ankapereka mwana wake. Atafa, m'kachisi yense wa Jedi ku Coruscant, likulu la Republic, boma lolamulira maiko ambiri m'nkhaniyi, munalibenso munthu wamkulu amene ankadziwa nkhope ya mayiyo.

Ndinene kaye chifukwa chake nkhani ya anthu opeka imandikhudza chonchi. Ndili ndi zaka 10, aphunzitsi ena a pasukulu ya kwathu ku Ntcheu anasamutsidwira ku Blantyre, ndipo anapempha amayi kuti apite nane. Anabwera okha kunyumba, anakhala pa kampando pakhonde, anadya nsima ya nyemba, anakambirana ndi amayi mpaka dzuwa kupendeka. Analonjeza kuti holide iliyonse azibwera nane, ndipo anachitadi zimenezo mpaka pamene anayamba kudwala. Chaka chachiwiri chisanathe anamwalira. Ali chigonere m'chipatala anauza mwana wawo woyamba, yemwe anali atangoyamba kumene ntchito, kuti asandibweze kumudzi, andiphunzitse. Achimwene amenewa anasunga mawu a bambo awo bwino lomwe. Fizi, yunifolomu, makope, sindinasowepo. Kungoti kwathu anali asanafikeko, ndipo amayi anga ankawadziwa ngati dzina la pa envulopu. Ndinatha zaka zitatu osapita kumudzi. Filimuyi ndinaionera koyamba m'zaka zomwezo, mu video show ya ku Ndirande, ndipo anzanga onse anatuluka akukamba za lupanga la mbali ziwiri la Darth Maul. Ine ndinatuluka ndikuganiza za mayi amene anasiyidwa pakhomo.

Tibwerere ku Tatooine, dziko lachipululu lomwe zithunzi zake zambiri anajambulira ku Tunisia. Qui-Gon, yemwe mbali yake anasewera Liam Neeson, wafikako mwangozi chifukwa chombo cha Mfumukazi Amidala chawonongeka. Wamalonda a zitsulo zakale, Watto, ali ndi chipangizo chomwe akufuna koma akukana ndalama za Republic. Chimphepo chamchenga chikuwapeza panja, ndiye Anakin, kamnyamata ka zaka 9, kapolo wa Watto, kakuwaitanira kwawo. Pa chakudya chamadzulo Shmi akufotokoza kuti kapolo aliyense anamuika kachipangizo m'thupi, akayesa kuthawa kamaphulika. Padmé, yemwe ndi Mfumukazi Amidala yemweyo atadzibisa ngati wantchito, akudabwa kuti ukapolo ukadalipo pomwe malamulo a Republic amauletsa, ndipo Shmi akumuyankha modekha kuti kuno Republic kulibe. Kenaka Anakin, yemwe waona lupanga m'chiuno mwa mlendoyo, akufunsa ngati wabwera kudzawamasula. Qui-Gon akuyankha kuti ayi.

Chomwe ndimamukondera munthuyu n'chakuti sananame pamenepo. Koma onaninso zomwe akuchita masiku amenewo. Akuima ndi Shmi panja n'kumufunsa za bambo a mwanayo, ndipo Shmi atanena kuti kunalibe bambo, sakumuseka. Usiku akupukuta bala la mwanayo pamkono. Mpikisano wa timagalimoto touluka utatha, Anakin atapambana, akugulitsa kagalimotoko n'kubweretsa ndalama zake kunyumbako. Ndipo pomwe mwana akulongedza katundu, Qui-Gon akuuza Shmi kuti am'samalira, wapereka mawu ake, kenaka akumufunsa ngati iyeyo akhala bwino. Funso limenelo palibe Jedi wina amene anadzalifunsanso. Nthawi yonseyi Obi-Wan ali m'chombo kunja kwa mzinda. Chomwe chamufika iye ndi nambala chabe: magazi a mwanayo, omwe Qui-Gon wawatumiza pa makina, ali ndi tizamoyo totchedwa midi-chlorian toposa 20,000, kuposa ta Yoda, mkulu wa a Jedi onse.

Sindikufuna kumuyeretsa Qui-Gon, chifukwa pa Tatooine pomwepo pali banga lake. Anapempha Watto kuti kubetcha kwawo pa mpikisano uja kukhale pa onse awiri, mayi ndi mwana. Watto anakana, n'kutulutsa kamwala kochitira mayere: kakagwa buluu ndi mwana, kakagwa kofiira ndi mayi. Qui-Gon anagwedeza dzanja mobisa, kamwalako n'kugwa buluu. Anasankha mwadala. Anafuna mwanayo chifukwa ankakhulupirira kuti ndi wosankhidwa wa mu ulosi wakale, amene adzalinganize Force, mphamvu yosaoneka yomwe a Jedi amagwiritsa ntchito. Munthu amene amaona mwana ngati kukwaniritsidwa kwa ulosi angathe kumusenzetsa katundu wolemera kuposa msinkhu wake, ngakhale akumukonda. Ndiye ngongole kwa Shmi inali ya Qui-Gon mwini. Iye ndi amene anadziwa kuti dzanja lake linagwedezeka. Palibe wina amene anaona, ndipo atafa ngongoleyo inapsera limodzi naye pa nkhuni za maliro. Obi-Wan analandira mwana, koma ngongole sanauzidwe.

Ku Coruscant, bwalo la akuluakulu 12 a Jedi linamuimika mwanayo pakati. Anamufunsa kuti akumva bwanji, iye anati akumva kuzizira. Mmodzi anati maganizo ako ali pa mayi ako. Mwanayo anavomera kuti wawasowa. Yoda anati ndiye kuti ukuopa kuwataya, ndipo mantha ndiwo njira yopita ku mdima. Taganizani, mwana wa zaka 9 yemwe wangosiya mayi ake ali kapolo, wokhala ndi bomba m'thupi, akuuzidwa kuti kuwada nkhawa ndi chilema chake. Pa anthu 12 onsewo palibe amene anafunsa kuti kodi mayiyo angaomboledwe ndi ndalama zingati. Anangogamula kuti mwanayo wakula kwambiri, sangaphunzitsidwe.

Apa mpamene timaona mtundu wa munthu amene Qui-Gon anali. Ananena pamaso pa bwalo kuti am'phunzitsa yekha. Atamukumbutsa kuti ali kale ndi wophunzira, anati Obi-Wan wakhwima, akhoza kuyesedwa. Obi-Wan anali atamudandaulira kale kuti akanati azitsata malamulo bwenzi ali m'bwalomo, ndipo buku lina la mu 2019 la Claudia Gray limasonyeza kuti mpandowo anapatsidwapo koma anaukana. Munthu wotere simungamuuze kuti aiwale mkazi amene anamusiya m'chipululu, iye n'kumvera. Ndiponso bwalo linadzavomera kuti Anakin aphunzitsidwe Qui-Gon atafa kale, pamene Obi-Wan anauza Yoda kuti lonjezo lake alisunga ndi chilolezo kapena popanda chilolezo. Qui-Gon akanakhala moyo, mwina chilolezocho sichikanatuluka n'komwe, ndipo iye akanatenga mwanayo n'kukamuphunzitsira kwina, kutali ndi kachisi. Kutali ndi kachisi kukanakhalanso kutali ndi ofesi ya Palpatine, wandale amene anadzamukokera mwanayo ku mdima.

Za Obi-Wan ndimalankhula mosamala, chifukwa ndikamuona ndimaona achimwene aja. Anali ndi zaka 25. Masiku ochepa m'mbuyomo anamva mphunzitsi wake akumukankhira pambali pagulu chifukwa cha kamwana kongotoledwa m'njira, ndipo iye mwini ananena kuti mwanayo ndi woopsa. Kenaka mphunzitsiyo akufera m'manja mwake, ndipo mawu ake omaliza onse ali pa mwana yemweyo. Obi-Wan analonjeza, nasunga lonjezo kwa zaka 13, ndipo anadzamukonda Anakin ndi mtima wonse. Koma munthu amene walandira udindo ali wamng'ono amagwiritsitsa malamulo, chifukwa akuopa kuti akawasiya alakwitsa ndipo onse aona. Pa maliro a Qui-Gon, moto ukuyaka, Anakin akumufunsa kuti nanga ine chindichitikire n'chiyani tsopano. Obi-Wan akumuyankha kuti bwalo lavomera, udzakhala Jedi. Ndi yankho la munthu wabwino, ndipo ndi yankho la fizi ndi yunifolomu.

Zaka 10 zikudutsa. Mu Attack of the Clones ya mu 2002, Anakin ali ndi zaka 19, ndi wamphamvu, wodzikuza, ndipo sakugona. Akulota mayi ake akuzunzika. Akuuza Obi-Wan, ndipo Obi-Wan akumuyankha kuti maloto amatha okha pakapita nthawi. Kwa ine nkhani yonse ya mafilimu 6 oyambirira imakhotera pa yankho limeneli. Obi-Wan sanayankhe mwankhanza. Kwa iye Shmi linali dzina lomwe wophunzira wake amayenera kuphunzira kulisiya. Qui-Gon anali munthu wokhulupirira zizindikiro, woumirira kuti Force imalankhula pa zomwe zikuchitika pompano, ndipo ankaidziwa nyumba ija, thebulo lija, mawu a mayi uja. Mnyamata akanamuuza maloto amenewo, akanafunsa tsiku lomwe anayamba, n'kupita kukafuna chombo.

Ndikukhulupirira kuti sizikanafika n'komwe pamenepo. Taonani amene anadzamumasula Shmi. Ndi Cliegg Lars, mlimi wa m'chipululu yemwe ntchito yake ndi kukolola madzi kuchokera mumpweya. Anamugula kwa Watto, namumasula, namukwatira. Chimene mlimi mmodzi anakwanitsa ndi ndalama za pafamu, kachisi wamkulu wa pa likulu la Republic sanachiyese n'komwe. Mabuku otuluka pambuyo pake amati Padmé anatumako mnzake Sabé kukafuna Shmi, koma anapeza atagulitsidwa kale. A Jedi sanatume aliyense. Qui-Gon, yemwe anatchova juga ndi chombo cha mfumukazi kuti apeze chipangizo chimodzi, sakanalephera kupeza mtengo wa kapolo mmodzi m'zaka 10.

Mmalo mwake Anakin anafika mochedwa. Anapeza Cliegg wopanda mwendo, akumuuza kuti a Tusken, mtundu wina wa m'chipululumo, anagwira Shmi mwezi wapitawo, ndipo pa amuna 30 omwe anamulondola anabwerako anayi okha. Anapita yekha usiku, anapeza mayi ake atamangidwa m'msasa, anafera m'manja mwake. Kenaka anapha mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana. Pa nthawi yomweyo, kutali ku Coruscant, Yoda ali kusinkhasinkha anamva mawu a munthu wakufa akufuula dzina la Anakin, akumuletsa. Mawuwo anali a Qui-Gon. Lucas mwini anasankha kuti pa mphindi yomwe mnyamatayo akuthyoka, womuitana akhale Qui-Gon. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wa Anakin unayaka usiku umenewo ndipo dambo linali litauma zaka 10 zapitazo.

Chilichonse chotsatira chikuchokera m'msasa umenewo. Pa manda a mayi ake Anakin analumbira kuti sadzalepheranso. Zaka zitatu pambuyo pake, mu Revenge of the Sith ya mu 2005, akulota Padmé, mkazi wake wam'seri, akufa pobereka. Munthu wina akanati ndi nkhawa za bambo woyamba. Iye sangatero, chifukwa maloto oyamba anauzidwa kuti adzatha okha ndipo anathera pa manda. Akupita kwa Yoda, osatchula dzina la mkaziyo, ndipo Yoda akumulangiza kuti adziphunzitse kusiya chilichonse chimene akuopa kutaya. Akupita kwa Palpatine, ndipo Palpatine akumusimbira za Darth Plagueis, yemwe ankatha kuletsa okondedwa ake kufa. Mmodzi akuti vomereza, wina akuti pali njira. Mwamuna wa zaka 22 yemwe anakwirira kale mayi ake chifukwa chomvera malangizo a mtundu woyambawo asankha chiyani, tonse tikudziwa. Shmi akanakhala moyo, maloto achiwiriwo sakanakhala ndi mano. Ndipo ukwati womwewo sukanakhala chinsinsi chowola m'mimba, chifukwa Qui-Gon ndi munthu amene mnyamata akanatha kumuuza kuti ndakwatira, n'kukalipidwa, n'kukhalabe mwana wake.

Palpatine anaona mpando wopanda munthu tsiku lomwelo. Kumapeto kwa The Phantom Menace akutsika chombo pa Naboo, atangosankhidwa kukhala Chancellor, mtsogoleri wa Republic, m'malo mwa Valorum, akugwira mwanayo paphewa n'kumuuza kuti azitsatira moyo wake mwachidwi. Kwa zaka 13 anachita zomwe mwana wochotsedwa kwawo amazilakalaka. Anamumvetsera, anamuyamikira, anamusungira zinsinsi. Za kuphedwa kwa a Tusken, Anakin anauza Padmé ndi Palpatine, Obi-Wan sanamuuze. Mwana wotere samuvuta munthu woipa. Amangofunika kukhala yekhayo wofunsa kuti kodi wagona bwanji.

Tsopano pali anthu amene amapitirira n'kunena kuti Qui-Gon akanapulumutsa Republic yonse. Apa ndimasiyana nawo. Tsiku lomwe Qui-Gon ankagwada pakati pa zitseko zofiira, Palpatine anali atatsala pang'ono kupeza chimene ankafuna pa mkangano wonse wa Naboo, womwe ndi mpando wa Chancellor. Asilikali a ma clone, opangidwa onse kuchokera ku thupi la Jango Fett pa dziko la Kamino, anaitanitsidwa cha m'nyengo yomweyo m'dzina la Jedi wina, Sifo-Dyas. Aliyense anali ndi kachipangizo mu ubongo komukakamiza kumvera lamulo lotchedwa Order 66, lopha a Jedi onse. Nyumba ya malamulo inali yodzaza ziphuphu Anakin asanabadwe. Ena amati Mace Windu, mmodzi wa akuluakulu a m'bwalo la Jedi, anali atamuloza kale Palpatine lupanga pakhosi ndipo ndi Anakin amene anamudula dzanja, choncho popanda kugwa kwa Anakin zonse zikanatha bwino. Akuiwala kuti Palpatine anadziulula dala pofuna kukola Anakin yemweyo. Popanda nyamboyo sakanadziulula. Akanangodikira tsiku lina, n'kupereka lamulo lomwelo kwa asilikali omwewo. Republic inali chikomekome cha mkuyu, ndipo munthu mmodzi wokana mpando m'bwalo sakanatha nyerere zonse zija.

Pali khomo limodzi lokha lomwe ndimalisiya lotsegula, la Dooku. Dooku, yemwe mbali yake anasewera Christopher Lee, ndi amene anaphunzitsa Qui-Gon. Katuni ya Tales of the Jedi ya mu 2022 imasonyeza kuti Qui-Gon asanafe, Dooku anali atayamba kale kugwira ntchito ndi Darth Sidious, yemwe ndi Palpatine yemweyo, mkulu wa a Sith, adani a Jedi, ndipo anali atafufuta kale Kamino m'nkhokwe ya zolembedwa za a Jedi. Koma imasonyezanso kuti imfa ya wophunzira wake inamupweteka, moti anakamufunsa Sidious maso ndi maso, ndipo tsiku lomwelo anapha Yaddle, Jedi mnzake, n'kudula chingwe chomaliza. Mu Attack of the Clones, pa dziko la Geonosis, atagwira Obi-Wan, Dooku akunena kuti akanakonda Qui-Gon akanakhalapo, kenaka akuulula zoona zokhazokha, kuti nyumba ya malamulo ili m'manja mwa Sith wotchedwa Darth Sidious. Obi-Wan akukana kukhulupirira. Qui-Gon sakanalowa gulu la Dooku, pamenepo Obi-Wan ananena zoona. Koma akanamvetsera mpaka mapeto, chifukwa ankamudziwa mkuluyo akamanama ndi akamanena zoona. Akanapita nazo ku bwalo, ndipo bwalo lomwe linakayikira atawauza kuti wakumana ndi Sith m'chipululu cha Tatooine likanamukayikiranso. Mwina akanachenjeza ochepa. Mwina a Jedi ambiri akanathawa usiku wa Order 66 kuposa amene anathawa. Kupitirira apo sindikuona.

Ndiye chithunzi chomwe ndili nacho ndi cha Empire, ufumu wankhanza wa Palpatine, yomwe ikudzukabe, koma yopanda Darth Vader. Ana a m'kachisi mwina akufabe, koma osati ndi dzanja la munthu amene ankamudalira. Padmé sakutsamwitsidwa pa Mustafar ndi mwamuna wake. Luke ndi Leia, ana amapasa a Anakin ndi Padmé, sakulekanitsidwa tsiku lobadwa, wina kupita ku Alderaan wina ku Tatooine, ndipo akukula akudziwa agogo awo. Zigawenga zolimbana ndi Empire zikuyamba zili ndi woyendetsa zombo wodziwa kuposa onse mu mlalang'amba. Obi-Wan nayenso akupeza moyo wina. Akukhala Jedi wodziimira payekha, akusankha wophunzira wake pa nthawi yake, ndipo Anakin kwa iye akukhala mng'ono weniweni, womuseka ndi kumenya naye nkhondo, popanda kumulera. Mawu amene Obi-Wan anafuulira Anakin pa Mustafar, akuti unali m'bale wanga, ndi owawa chifukwa Anakin anali atanena kale kuti amamuona ngati bambo. Kwa zaka 13 anthu awiriwa ankakondana, wina akufuna bambo, wina akupereka ubale.

Ndikudziwa kuti nkhani yotereyi siikanakhala Star Wars. Filimu ya mu 1977 inalipo kale, chigoba chakuda cha Darth Vader chija ndi kupuma kuja zinalipo kale, ndiye Lucas polemba za Qui-Gon ankalemba munthu woti afe. Alangizi mu nkhaniyi amafa ndithu: Obi-Wan wokalamba wa Alec Guinness anafa Luke akuona, Yoda anafera pa Dagobah mu 1983. Ndipo imfa ya Qui-Gon inagula kanthu. Kumapeto kwa Revenge of the Sith Yoda akuuza Obi-Wan kuti mphunzitsi wake wakale wapeza njira yokhalirabe iye mwini atafa, ndipo am'phunzitsa kulankhula naye. Popanda zimenezo palibe mawu amene akanalankhula m'khutu la Luke pa Death Star, chida chachikulu chankhondo cha Empire. Mu 2022, kumapeto kwa sewero la Obi-Wan Kenobi, Liam Neeson anaonekeranso m'chipululu cha Tatooine ngati mzimu, akuuza wophunzira wake kuti analipo nthawi yonse. Ndinasangalala kumuona, komanso ndinamva kuwawa, chifukwa malo amene anaonekerawo ndi dziko lomwe Shmi anakwiriridwa.

Chimene chimanditonthoza n'chakuti zomwe Qui-Gon akanachita zinadzachitikabe, mochedwa, ndi mdzukulu wa Shmi. Mu The Empire Strikes Back ya mu 1980, Luke akuona masomphenya a anzake akuzunzika. Yoda ndi mzimu wa Obi-Wan akumuuza kuti asapite, amalize maphunziro, malangizo omwe aja. Luke akukwera chombo n'kupita, ndipo akutaya dzanja. Mu Return of the Jedi onse awiri ataya kale chiyembekezo pa Vader, koma Luke akukana kupha bambo ake, akuponya lupanga pansi pamaso pa Palpatine. Chikondi cha pachibale, chomwe bwalo la anthu 12 linachitcha chiopsezo mwa mwana wa zaka 9, ndi chomwe chikumudzutsa Anakin kuti anyamule Palpatine n'kumuponya kudzenje. Luke akuwotcha zovala za bambo ake pa nkhuni m'nkhalango ya Endor, monga momwe Qui-Gon anawotchedwera pa Naboo Anakin ali mwana.

Ine nkhani yanga inakhota mosiyana. Ndili Fomu 1, munthu wina wochokera kwathu anafika ndi uthenga woti amayi akudwala. Ndinawauza achimwene madzulo akuchokera kuntchito. Anandiyankha kuti mayeso atsala masabata awiri, ndidikire, ndipo ndinapita kukagona ndisanadye. Sindinawakwiyire ngati munthu woipa. Ndinangoona kuti zomwe ndikunena sizikuwafika, ngati ndikuwauza za munthu wa m'nyuzipepala. Cha m'ma 4 koloko m'mawa anagogoda pachitseko n'kundiuza kuti nditenge juzi, kukuzizira. Tinakwera basi yoyamba pa Wenela. Njira yonse sanalankhule zambiri, kupatula kundifunsa kuti tikatsika pamsewu tiyenda mtunda wautali bwanji.

Tinawapeza amayi atakhala pamphasa pakhonde, atawonda, koma malungo atawasiya. Atamva kuti mlendoyu ndi mwana wa aphunzitsi aja, anayamba kulira maliro omwe sanathe kukafikako, kenaka anatuma mlongo wanga kuti akatulutse kampando. Kanali komwe kaja. Achimwene anakhalapo, anasamba m'manja, anadya nsima ya nyemba, ndipo amayi anawasimbira zonse zomwe bambo awo ananena tsiku lija, mawu ndi mawu, mpaka dzuwa kupendeka. Basi yobwerera tinaiphonya, tinagona komweko.